Malo Amodzi, Alamu Awiri

Kusukulu ya makompyuta kumene amuna anga, bambo a Kaphokoso, amakonza mipope ndi magetsi kuli lamulo lakuti wantchito aliyense ali ndi malo amodzi pa chaka oti m'bale wake aphunzire ulere. Amodzi, osati awiri. Malo amenewo anali anga. Anandilonjeza ndi pakamwa pawo ndili ndi pakati, akundisisita mapazi otupa, kuti mwana akangoyamba kuyenda ndidzabwerera m'kalasi. Mwana anayenda. Anathamanga. Anafika pokwera patebulo n'kumagwetsa makapu. Nditachapa kale chikwama changa chakale cha mabuku, apongozi anaimba foni.

Sabata yotsatira mlamu wanga, mlongo wawo wamng'ono wa amuna anga, anatulukira pakhomo ndi sutikesi ndi zikhadabo zopenta.

"Ndi chaka chimodzi chokha," anatero bambo a Kaphokoso, maso ali pa nsapato zomwe ankamasula. "Mwanayu akangokhala kwa amayi osachita kanthu, aonongeka."

"Ndiye poti ine ndinaonongeka kale, palibe changu?"

"Simunandimve bwino."

"Ndakumvani bwinobwino. Sukulu ndinalekeza ndine, makutuwa sanalekeze."

Anadzikanda m'mutu. "Kumapeto kwa mwezi woyamba kumakhala mayeso. Wolephera amamuchotsa, ndipo wantchito amaloledwa kubweretsa m'bale wina. Akalephera, malo ndi anu. Mukufunanso chiyani?"

Iwo ankangofuna kunditseka pakamwa kuti adye mwamtendere. Pakamwa ndinatsekadi. Makutu ndiwo ndinatsegula.

Ine ndimagwira ntchito m'shopu ya fotokope, chipinda chimodzi m'nyumba yaitali ya mashopu. Kumanzere kwathu kuli a Telala, kumanja kuli wometa, kumapeto kuli mayi wogulitsa mafoni. Ndimataipa makalata, ndimasindikiza zithunzi, ndimachotsa mavairasi m'mafulashi a anthu. Kompyuta sindinaiphunzire kwa mphunzitsi. Ndinaiphunzira poimirira kumbuyo kwa mmisiri amene amabwera kudzakonza makina, mwana ali kumsana, komanso poononga n'kukonza mwini shopu asanafike. Manja anga amadziwa zambiri. Koma pepala ndilibe, ndipo ntchito iliyonse yabwino imene ndimataipira anthu makalata oifunsira imayamba ndi pepala.

Mlamu anapatsidwa kakhadi kokoleka m'khosi, kokhala ndi chithunzi chake akumwetulira mano onse. Kakhadiko ankadya nako, ankatsuka nako mbale. Mwina kubafa kokha ndiko ankakavula, ngakhale kumenekonso sindingalumbire. M'mawa ine ndikulimbana ndi Kaphokoso kuti avale kabudula, iye ali pagalasi langa, mafuta anga ali m'manja mwake, akufunsa, "Alamu, bulauzi iyi ikugwirizana ndi chikwamachi?" Madzulo akamalowa, mwana amene ndinamumvera ululu ndine ankandisiya ndi supuni m'malere n'kuthamangira kukhomo akukuwa, "Anti! Anti!" Ndinkangoti, chabwino, mwezi suchedwa kutha.

Kuwerenga kwake kunali koimba. Ankakhala pabedi ndi mapepala a kusukulu n'kumabwereza Chingerezi chomwecho mokweza ndi motsitsa ngati wa kwaya, mpaka Kaphokoso anayamba kuvina. Mawu ankawadziwa onse. Kumene mawuwo ankaloza ndiko sankakudziwa.

Tsiku lina pa chakudya achimwene ake anamufunsa, "Tatiuzako, wa ku koleji, mwaphunzira chiyani?"

"Mitundu ya sofutiweya, achimwene."

"Ndiye chiyani chimenecho?"

"Ndi zonse zimene zimaoneka pagalasi la kompyuta. Zithunzi, nyimbo, makalata. Ndiye pali opareting'i sisitimu, batani lija mumadina poyatsa. Palinso dalaivala, chingwe chija chimapita ku pulinta."

"Mwamva, mayi a Kaphokoso? Mutu wa kwathu umenewo."

"Ndamva," ndinatero, n'kumuonjezera nyama m'mbale. "Idya, mlamu. Ubongo umafuna mphamvu."

Tsiku limenelo ndinatsuka mbale ndikuimba.

Mayeso anali Lolemba. Loweruka masana mlamu anabwera kushopu kuti ndimuchitire fotokope mapepala a mnzake. Loweruka, kopanda sukulu, koma kakhadi kali lendelende pachifuwa. Ndikuyala mapepala ake pamakina, a Telala analowa, tepi yoyezera ili m'khosi, atanyamula laputopu ngati thireyi ya mazira. Laputopuyo anawatumizira mwana wawo, ndipo chiyambire ndine amene ndinkawathandiza: kuwatsegulira zithunzi za adzukulu, kuwaonetsa masitayilo a masuti.

"Mayi a Kaphokoso, chinthu chanuchi chayamba ulesi. Chikuti chadzaza." Kenaka maso awo anagwera pa kakhadi kaja. Anatembenuka thupi lonse. "Aa! Koma lero ndiye tapeza mwini wake wa nkhani. Wa kusukulu yeniyeni! Mwanangu, tandionere iwe."

Laputopu inandidutsa pamphuno n'kukatera m'manja mwa mlamu.

Ndinapitiriza kudina batani la fotokope, koma mphamvu imene ndinkadinira sinali ya batani. Mlamu anakhala pampando wanga. Pampando wanga! Anatsegula apa, kutsegula apo, zikhadabo zikulira pa kiyibodi. Kenaka anati, "Ndachipeza, agogo. Foda iyi ndi imene yadya malo. Mulibe zithunzi, mulibe nyimbo, mwangodzaza timafayilo tosadziwika. Mumatigwiritsa ntchito?"

"Ine? Sindikutidziwa n'komwe."

"Ndiye tifufute."

Ndinaponya diso. Inali foda imene mumakhala opareting'i sisitimu yeniyeniyo. Kompyuta ikanakana kufufuta zambiri za mmenemo, koma munthu woumirira, wodina "inde" pa funso lililonse, amaononga zokwanira. Ndinamugwira dzanja lisanafike pa mausi.

"Dzuka."

"Alamu, ndikungo..."

"Dzuka pampandopo. Bwera kuno. Inunso agogo bwerani, mumuone bwino dokotala wanu."

Kuphunzitsa munthu sikunali m'mutu mwanga. Ndinkafuna a Telala aone ndi maso awo kuti kakhadi ndi pulasitiki chabe. Ndinawatengera kuseri kwa katani, kumene timaunjika makina otha ntchito, n'kuyatsa kompyuta ina yafumbi imene mmisiri anaifufuta zonse. Kafani kanalira, kagetsi kanayaka, pagalasi panangobwera mdima ndi timawu toyera pakona.

"Batani ndadina. Si ndiye opareting'i sisitimu yako? Ndiye tsegula kalata tione."

Anagwedeza mausi. Palibe chinayenda.

"Yafa," anatero.

"Sinafe. Ukuimva ikupuma. Zitsulo zonse zilimo, mawaya onse ali m'malo. Zimene ungazigwire ndi dzanja, zimene zingakuphwanye chala zitakugwera, ndiye hadiweya. Batani lako lija ndi hadiweya. Chingwe ndi hadiweya. Galasi ndi hadiweya. Chimene chikusowa umu sungachigwire. Ndi malangizo ouza zitsulozi chochita. Ndiye sofutiweya imeneyo, mapulogalamu. Popanda iwo, ichi ndi chitini chodya magetsi."

"Ngati mkamwini wanga," anatero a Telala.

Sindinaseke. Ndinali nditatentha. Ndinakokera mlamu pakhomo la shopu n'kumulozera khonde lonse.

"Nyumba ino ukuiona? Makoma, zitseko, mawaya. Amatsegula geti m'mawa ndani?"

"Sindidziwa."

"Akapitawo. Abambo aja akhala apo ndi makiyi m'chiuno. Ndiwo amayatsa magetsi, ndiwo amanena kuti iwe chipinda chako ndi ichi, katundu wako usunge uko, madzi ayambe kutunga uje. Unaonapo kasitomala wobwera kudzafuna akapitawo?"

"Ayi."

"Koma atachoka ndi makiyi?"

"Tonse tigona pakhonde," anayankha a Telala.

"Ndiye opareting'i sisitimu imeneyo. Ndiyo imayamba kudzuka ukadina batani, ndiyo imagawa malo ndi mphamvu, ndiyo imasunga makiyi. Foda ija umati ufufute ndi nyumba ya akapitawo."

"Mayo!" A Telala anakumbatira laputopu yawo. "Mwanangu, ukanandiphera akapitawo masana ano?"

Mlamu anayang'ana pansi, makutu atatentha. Mtima wanga unati myaa, ngati ndamwa madzi a m'firiji. Pamenepo ndiye ndikanalekera. Koma wometa anali atasuzumira ndi makina ake m'manja, mayi wa mafoni nayenso anali atasendera. Anthu anali akundimvetsera ine. Munthu amene sunamvedwepo, ukapeza makutu sulekeza msanga.

"Tsono makasitomala amabwerera ndani? A Telala, wometa, ife a fotokope. Aliyense ndi ntchito yake imodzi. Amenewo ndiwo maapulikeshoni. Yolembera makalata, yowerengetsera, yokonzera zithunzi, yoimbira nyimbo, yolowera pa intaneti. Ukafuna kumeta supita kwa a Telala."

"Angabwere, lumo ndili nalo."

"Agogo, dikirani. Wometa atasamuka, nyumba igwa?"

"Ayi," anatero mlamu, mawu ali pansi.

"Kubwera wometa wina, basi. Apulikeshoni ukhoza kuichotsa n'kuika ina, kompyuta imayakabe. Koma wometayo sangagwire ntchito ngati akapitawo sanamutsegulire."

"Nanga zithunzi ndi nyimbo?" anafunsa mlamu. "Si sofutiweya?"

Ndinamugwira kolala ya bulauzi. "Iyi anasoka telala. Ndiye bulauziyi ndi telala?"

"Ayi."

"Kalata si pulogalamu. Ndi chimene pulogalamu yasoka. Chithunzi ndi katundu wa kasitomala. Chimene chikuchitsegula ndicho pulogalamu."

Anaweramitsa mutu n'kuyang'anitsitsa bulauzi yake. Ine ndinayesa ndi manyazi.

"Tibwere ku chingwe chako." Ndinazula chingwe cha pulinta yathu yaikulu, yakalekale ija, n'kuchilowetsa mu laputopu ya a Telala. Ndinatsegula chithunzi cha mdzukulu wawo. "Dalaivala wako ndi uyu, ndamulowetsa. Sindikiza."

Anadina. Pulinta inangokhala duu. Anadinanso. Anagwedeza chingwe, anachizula, anachipemerera, anachibwezera.

"Chingwe chili bwino, ndachigwiritsa ntchito m'mawa wonse. Vuto ndi lakuti awiriwa samvana chilankhulo. Laputopu ikulankhula zake, pulinta ikumva zake. Pakufunika womasulira pakati." Ndinatenga fulashi yanga m'kabati, ndinaika kapulogalamu ka pulintayo, tinadikira pang'ono. "Dina tsopano."

Pulinta inatsokomola, inameza pepala, n'kulavula mwana wa masaya atavala chipewa.

"Womasulira uja ndiye dalaivala. Si chingwe, ndi kapulogalamu. Pulinta ili ndi wake, kamera ili ndi wake, zokuzira mawu zili ndi wake. Ena amabwera kale m'kati, ena umachita kuwaika."

A Telala anali atanyamula chithunzi ndi manja awiri. "Ichi ndiye sindilipira, mwasindikiza nokha."

"Tengani. Tsopano ulesi wa laputopu yanu." Ndinatsegula kapulogalamu kosesera. "M'nyumba muno muli mayi wosesa ndi mlonda. Kasitomala sawafuna, koma asiye sabata imodzi uone. Aka kamasesa zinyalala zimene mapulogalamu ena amasiya. Aka ndi antivairasi, mlonda wa pageti, amasecha fulashi iliyonse yolowa. Amenewa ndi... ndi a ntchito zosamalira."

"Mayutilite," anatero mlamu.

"Chiyani?"

"Dzina lake ndi mayutilite." Anali atatola mapepala ake pamakina a fotokope, chala chikuthamanga pamizere. "Ali apa. Ndimangowaimba osadziwa kuti ndi mlonda ndi wosesa."

Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo. Ndinawameza msanga ngati mankhwala, nkhope ili gwa, kuti asaone kuti andipatsa kanthu.

Koma iye sankandiyang'ananso. Anali akuyang'ana khonde, kenaka pepala, kenaka khonde. "Dikirani, alamu. Dikirani. Ndiye akapitawo, womasulira, mlonda ndi wosesa, onsewa amagwirira ntchito nyumba. Ndi gulu limodzi. Ndiye chifukwa chake apa awaika pansi pa mutu umodzi, sisitimu sofutiweya! A Telala ndi wometa amagwirira ntchito kasitomala, ndi gulu lina. Magulu ndi awiri, enawa ndi ana ake!"

Zoti ndi magulu awiri ine sindinkadziwa. Ndinkadziwa aliyense payekhapayekha, monga umadziwira anthu a pamsewu wako osadziwa kuti ndi pachibale.

"Pali gulu lachitatu," anapitiriza. "Mapulogalamu opangira mapulogalamu anzawo. Amenewo ndi ati m'nyumba muno?"

Ndinayang'ana khonde lonse, kuwasakasaka. Panalibe.

"Amenewo sakhala muno," anatero a Telala, akupinda chithunzi chawo. "Ine ndimasoka, koma makina anga sindinapange ndine. Kwinakwake kuli fakitale, ili ndi zida zake zopangira makina osokera."

"Eee! Ndi zimenezo, agogo! Zida za anthu olemba mapulogalamu!" Mlamu analumpha, kakhadi kakuvina. Anandikumbatira, fungo la mafuta anga lili thupi lonse. "Alamu, mwezi wonse mutu unali mdima. Bwanji simunandiuze kale?"

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ndinaima pakati pa shopu, chingwe cha pulinta chili m'manja, ngati munthu amene wathamangitsa wakuba mpaka kumuperekeza ku basi.

Lamlungu ndinayesetsa. Ndinamupatsa zochapa, ndinamutuma kumsika kawiri, ndinamusiyira Kaphokoso kuti ndikaone mnzanga wodwala amene sanali kudwala kwenikweni. Pobwera ndinapeza mlamu wayala mapoto ndi makapu pansi. Poto wamkulu anali akapitawo, makapu anali maapulikeshoni, sefa anali antivairasi. Kaphokoso atanyamula supuni ankakuwa, "Dalaivala! Dalaivala!" Nyimbo ya Chingerezi ija inali itatha. Tsopano mlamu ankalankhula ngati munthu wonena za kwawo.

Lolemba madzulo anabwera limodzi ndi achimwene ake, akuseka kuyambira kumsewu. Bambo a Kaphokoso anali atagula zakumwa zoziziritsa kukhosi. Sanavule n'komwe nsapato, anaimbira amayi awo n'kukweza mawu a foni kuti tonse timve.

"Amayi, mwana wanu wakhoza! Osati kukhoza wamba. Aphunzitsi awerenga yankho lake pamaso pa kalasi yonse!"

Nthungululu za apongozi zinachita kung'amba kasipika. "Ndinanena ine! Mutu wa malemu bambo ake umenewo. Kwathu kulibe mbuli."

Ine ndinali pakhomo la khitchini ndi mpeni ndi anyezi.

"Aphunzitsi anafunsa kuti za akapitawo ndi mlonda ndinazitenga kuti," anatero mlamu, akutsegula botolo.

"Ndiye unati chiyani?" ndinafunsa.

"Ndinati ndinaziona pa shopu ina yake."

Shopu ina yake. Sananene monyoza ayi, ndiye kuipa kwakeko. Ananena mosangalala, akundimwetulira, ngati wandipatsa mphatso. Ndinabwerera ku anyezi wanga. Anyezi ndi wabwino, safunsa kuti ukulira chiyani.

Ndili komweko ndinamva apongozi akupitiriza. "Tsono poti njira yatseguka, chaka chamawa ndi cha mwana wa achemwali ako aakulu. Akumaliza sukulu chaka chino. Usaiwale."

"Tiona, amayi," anayankha amuna anga.

"Tiona" wa bambo a Kaphokoso ndimamudziwa. Kwa ine amatanthauza ayi. Kwa amayi awo amatanthauza inde.

Sindinakangane nawo. Kukangana m'nyumba ndi kuthira madzi m'dengu: mwamuna amavomera kuti agone, m'mawa waiwala. Ndinawapatsa chakudya, ndinamuyamikira mlamu, ndinamwa ndi chakumwa chomwe.

M'mawa mwake ndinapempha mwini shopu kuti nditalikire pa nthawi ya nkhomaliro. Ndinavala diresi yanga yabuluu, ndinamupukuta Kaphokoso kumaso, ndinamubereka, n'kukwera basi.

Sukuluyo ndinali ndisanalowemo. Khonde lake ndi lalitali, lonunkhira polishi. Ndikufuna ofesi, ndinadutsa pawindo la kalasi ina. Makompyuta ali ndandanda, oyera, onse ofanana, opanda ndi fumbi lomwe. Pakona anthu anali ataunjikana, ndipo pakati pawo panali mlamu wanga. Anali atagwira kolala ya mnyamata wina wamtali, akumufunsa kuti, "Ndiye shatiyi ndi telala?" Onse anaseka. Ngakhale kapendekedwe ka mutu kanali kanga. Ndinapitirira.

Mu ofesi munali amayi a magalasi, akudya nthochi kuseri kwa kompyuta.

"Tikuthandizeni, mayi?"

"Ndine mkazi wa bambo amene amakonza mipope kuno."

"Oo, a Pulambala! Kwagwanji, mwana wadwala?"

"Ali bwino, ndi uyu. Ndabwera za malo a abale a antchito. A chaka chamawa ndi anga. Ndati mundione nkhope, kuti pakadzabwera nkhope ina mudzadziwe kuti yasochera."

Amayi aja anaika nthochi pansi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenaka anaseka mpaka kugwira patebulo. "Koma abale! Chaka chino sichinafike n'pakati pomwe."

"Chaka chatha ndinadikira kuti chifike pakati."

Anasiya kuseka. Anapukuta zala. "Mwini malo ndi wantchito, mayi. Amayenera kunena yekha, pamaso panga. Akanena, ndalowetsa, sizisinthanso pokhapokha inuyo mutakana."

"Ali kuti?"

"Kuzimbudzi za anyamata, mpope waphulika."

"Ndidikira."

Sanandidikiritse. Anatuma mlonda. Posakhalitsa bambo a Kaphokoso analowa, ovololo itanyowa mpaka m'mawondo, sipanala ili m'manja, nkhope ili ndi mantha. Atationa anaima chilili.

"Mayi a Kaphokoso! Kwachitika chiyani?"

"Adadi!" anakuwa mwana kumsana.

"Palibe chachitika, a Pulambala," anatero amayi a magalasi. "Akazi anu akuti malo anu a chaka chamawa ndi awo. Ndimati ndimve kwa inu."

Aphunzitsi awiri amene ankadutsa ndi makapu a tiyi anachepetsa liwiro. Mlonda sanabwerere kugeti. Amuna anga anayang'ana onsewo, anayang'ana sipanala, kenaka anandiyandikira n'kutsitsa mawu.

"Nkhani za kunyumba tikakambe kunyumba."

"Kunyumba tinakamba kale, mapazi anga ali otupa. Lero ndangobwera kudzaperekeza mawu anu ku ofesi."

"Nanga amayi ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti kunyumba kwanunso kulibe mbuli."

Mmodzi wa aphunzitsi aja anatsamwa ndi tiyi.

"Nanga mwana azidzamuona ndani?" anafunsa, mawu akuchepa.

"Anti ake. Amakondana kwambiri. Adzakhala atamaliza, ali ndi pepala lawo, masana onse ali pakhomo kudikira mayankho a makalata ofunsira ntchito. Makalatawo ndidzawataipira ndine, ulere."

Madzi ankadontha kuchokera ku ovololo yawo n'kupanga kadziwe pa simenti yopolishidwa. Amayi a magalasi anali ataika kale zala pa kiyibodi.

"A Pulambala, mpope ukudikira. Ndilembe ndani?"

Anapumira m'mwamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo pakona pa mlomo wawo panagwedezeka, kaya ndi mkwiyo kaya ndi kuseka, sindinafune kudziwa.

"Lembani akazi anga."

"Mokweza pang'ono, makutu angawa ndi akale."

"Akazi anga!"

Kiyibodi inalira. Amayi aja anatembenuza galasi kuti ndione ndekha, ndipo ndinawerenga chilembo chilichonse cha dzina langa mpaka kumapeto, n'kuwauza kuti akonze chimodzi chimene analakwitsa.

Potuluka bambo a Kaphokoso anatiperekeza mpaka pakhonde. Pawindo la kalasi lija ndinaimanso. Mlamu anandiona, maso anatuzuka, anakweza dzanja mosangalala. Ndinakweza langa pang'ono. Anali atakhala kutsogolo, pafupi ndi fani, pa kompyuta ya galasi lalikulu kuposa onse.

"Mukuyang'ananso chiyani? Si mwapeza zimene mumafuna?" anafunsa amuna anga.

"Ndapeza za chaka chamawa," ndinatero. "Chaka chino ndikadali ndi ntchito yomuyang'ana uyo atakhala pamenepo. Tiyeni, kakonzeni mpope wanu, madzi akutayika."